Hermann Ebbinghaus (1850–1909): Munthu Amene Anayeza Kuiwala

Mawu Oyamba

Inu amene mukukonzekera nchito ya uphunzitsi mudzakumana ndi tsiku lina limene mphunzitsi aliyense amalidziwa. Lolemba mudzaphunzitsa maphatikizo atsopano, ana onse nadzawachula bwino lomwe, inu n'kupita kunyumba mtima uli m'malo. Lacinayi mudzafunsa zomwezo, ndipo kalasi yonse idzangoti zii, monga ngati simunaphunzitsepo kanthu. Pa nthawi yotero aphunzitsi ambiri amakalipira ana kuti ndi aulesi, ena amadzikayikira okha, ndipo ena amangopitirira ndi mutu wotsatira pofuna kutsiriza silabasi. Zimene mudzasankha kucita tsiku limenelo zidzatsimikiza ngati mwana adzadziwa kuwerenga kapena adzatsalira m'mbuyo zaka zake zonse za sukulu.

Pa cifukwa cimeneci tikufuna kuti mudziwe mbiri ya Hermann Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany amene anali woyamba kuyeza ndi manambala mmene munthu amalowezera ndi mmene amaiwalira. Nchito yake inaonetsa kuti kuiwala kuli ndi njira yake imene kumatsata, ndi kuti mphunzitsi wodziwa njirayo angathe kukonza maphunziro ake molingana nayo. Zimene iye anapeza zikuthandiza lero ngakhale m'masukulu ophunzitsa mainjiniya, monga tidzaonera kutsogoloku.

Ubwana ndi Maphunziro Ake

Hermann Ebbinghaus anabadwa pa 24 Januwale 1850 m'tauni ya Barmen, imene lero iri mbali ya mzinda wa Wuppertal. Atate ake anali munthu wamalonda wopeza bwino, motero mnyamatayo sanasowe sukulu. Ali ndi zaka 17 analowa yunivesite ya Bonn ndi colinga cophunzira mbiri yakale ndi zinenero, koma posakhalitsa mtima wake unakopeka ndi filosofi. Mu 1870 nkhondo inabuka pakati pa Prussia ndi France, ndipo iye anasiya mabuku nalowa usilikali. Nkhondo itatha anabwerera ku maphunziro, ndipo mu 1873, ali ndi zaka 23, analandira digiri ya udokotala wa filosofi ku Bonn.

Zaka zotsatira sanapeze nchito yokhazikika. Anapitiriza kuwerenga payekha, ndipo pambuyo pake anakhala ku England ndi ku France, kumene anali kudzipezera cakudya mwa kuphunzitsa ana. Kumbukirani mfundo imeneyi: munthu amene anadzayeza kuiwala anali atakhalapo mphunzitsi wamba, woona ndi maso ake ana akuloweza lero ndi kuiwala mawa.

Ali kunja komweko anapeza m'sitolo ya mabuku akale buku la Gustav Fechner lochedwa Elemente der Psychophysik, limene linasindikizidwa mu 1860. Fechner anaonetsa m'bukumo kuti zimene munthu amamva m'thupi, monga kulemera kwa cinthu kapena kuwala kwa nyali, zingathe kuyezedwa ndi masamu. Akatswiri ambiri a nthawi imeneyo anali kukhulupirira kuti kuyeza kotere kumalekeza pa maso, makutu ndi khungu, ndi kuti nchito zakuya za maganizo, monga kukumbukira, sizingayezedwe konse. Ebbinghaus sanavomereze zimenezo, ndipo anatsimikiza mtima kuyesa.

Mmene Anagwirira Nchito Yake

Iye analibe nyumba yofufuziramo, analibe womuthandiza, ndiponso analibe anthu oti awayese. Wofufuza anali iye, wofufuzidwa analinso iye yemweyo. Anacita zoyesa zake mu 1879 ndi 1880, nazibwerezanso mu 1883 ndi 1884 kuti atsimikize kuti zotsatira zoyamba zija sizinali zamwayi.

Vuto lake loyamba linali la cinenero, ndipo inu monga aphunzitsi a Cinyanja mudzalimvetsa msanga. Mawu enieni salemera mofanana m'maganizo. Mukauza mwana kuti aloweze mawu akuti nsima, mvula ndi agogo, liwu lirilonse limadza ndi zithunzi zake, fungo lake ndi nkhani zake, ndipo simungadziwe ngati mwanayo wakumbukira cifukwa ca kubwereza kapena cifukwa ca zimene anali kudziwa kale. Pofuna kucotsa vuto limeneli, Ebbinghaus anapanga maphatikizo pafupifupi 2,300, lirilonse lokhala ndi konsonanti, vawelo ndi konsonanti ina, a mtundu wa dak, bof kapena zut. Onani kuti phatikizo lotere ndi lacilendo m'Cinyanja, pakuti maphatikizo athu amatsirizira ndi vawelo, koma m'Cijeremani ndi lozolowereka. Maphatikizowo anali kuwatenga mosasankha ndi kuwandandalika m'mizere yopanda tanthauzo.

Mzere uliwonse anali kuuwerenga mokweza pa liwiro limodzi, maphatikizo 150 pa mphindi, potsata kugunda kwa wochi kapena kwa kacipangizo kosunga nthawi. Anali kubwereza kufikira atauchula wonse pamtima popanda kulakwa, nalemba maulendo amene wabwereza ndi nthawi imene yapita. Anayesetsanso kuti moyo wake wa tsiku ndi tsiku usasinthesinthe, ndi kuti zoyesa zofanana zizicitika pa nthawi yofanana ya tsiku.

Nzeru yake yaikulu inali njira yoyezera zimene zatsala m'mutu. Munthu angalephere kuchula ngakhale phatikizo limodzi la mzere umene analoweza dzulo, komabe mzerewo sunafafanizike wonse. Ebbinghaus anali kuulowezanso mzere womwewo patapita nthawi, nayerekeza nchito yaciwiriyo ndi yoyamba ija. Tiyerekeze kuti kuloweza koyamba kunatenga mphindi 10, ndipo kwaciwiri kwatenga mphindi 6. Mphindi 4 zapulumuka, ndiko kuti magawo 40 pa 100 alionse a nchito yoyamba akali ndi mphamvu m'maganizo, ngakhale munthuyo akuona ngati waiwala zonse. Mfundo imeneyi ikulimbikitseni: mwana amene wangoti kukamwa yasa Lacinayi sali pamalo pamene anali Lolemba m'mawa.

Zimene Anapeza

Mu 1885 Ebbinghaus anasindikiza kabuku kochedwa Über das Gedächtnis, kutanthauza Za Kukumbukira. Kabukuko kanamasuliridwa m'Cingerezi mu 1913 ku Teachers College ya yunivesite ya Columbia ku New York, kumene kunali kuphunzitsidwa aphunzitsi monga inu. Mwa zambiri zimene zirimo, tisankhepo zinayi.

Coyamba ndi liwiro la kuiwala. Atalowezanso mizere yake patapita mphindi pafupifupi 20, nchito yopulumuka inali magawo 58 pa 100. Patapita ola limodzi inatsika kufika pa 44, patapita maola pafupifupi 9 inali 36, patapita tsiku limodzi 34, masiku awiri 28, masiku 6 inali 25, ndipo patapita masiku 31 inali 21. Taonani bwino manambalawa. Kutayika kwakukulu kunacitika m'ola loyamba, pamene kusiyana kwa tsiku la 6 ndi tsiku la 31 kunali kocepa kwambiri. Kuiwala kumayamba mothamanga, kenaka kumayenda pang'onopang'ono.

Caciwiri ndi kutalika kwa cinthu colowezedwa. Mzere wa maphatikizo 7 anali kuugwira atauwerenga kamodzi kokha. Mzere wa maphatikizo 12 unafuna maulendo pafupifupi 17, wa 16 unafuna 30, wa 24 unafuna 44, ndipo wa 36 unafuna 55. Kuwonjeza maphatikizo asanu okha pa asanu ndi awiri aja kunaculukitsa nchito koposa kakhumi. Mphunzitsi amene amadzaza bolodi ndi mawu atsopano makumi awiri pa phunziro limodzi ayenera kulingalira za manambala amenewa.

Cacitatu ndi kagawidwe ka kubwereza, ndipo apa ndi pamene pagona phunziro lalikulu la moyo wake. Pa mzere wa maphatikizo 12, iye anapeza kuti kubwereza maulendo 68 motsatizana tsiku limodzi kunapereka phindu lofanana ndi kubwereza maulendo 38 okha ogawidwa pa masiku atatu. Nchito yocepa, yoikidwa pa nthawi zotalikirana, inabala zipatso zofanana ndi nchito yoculuka younjikidwa pamodzi. Mlimi aliyense amadziwa kuti mvula yamkuntho ya ola limodzi imathamangira kumtsinje, pamene mvumbi wa masiku atatu umalowa pansi.

Cacinayi ndi mphamvu ya tanthauzo. Pofuna kuyerekeza, Ebbinghaus analowezanso ndime za ndakatulo ya Cingerezi ya Lord Byron yochedwa Don Juan. Anapeza kuti ndimezo zinafuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kubwereza kumene kukanafunika pa maphatikizo opanda tanthauzo a kuculuka kofanana. Motero munthu amene amadziwika cifukwa ca maphatikizo opanda tanthauzo ndi yemweyo amene anaonetsa ndi manambala kuti cinthu comveka cimalowa m'mutu mosavuta kuposa cinthu cosamveka. Mwana amene akuloweza mawu a cinenero cimene sakucimva ali pa nchito yofanana ndi ya Ebbinghaus ndi mizere yake ija. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene timaphunzitsira kuwerenga koyamba m'cinenero cimene mwana amalankhula.

Ana a Sukulu a ku Breslau

Kabuku ka 1885 kanamupatsa dzina, ndipo anapitiriza kuphunzitsa pa yunivesite ya Berlin. Mu 1890, pamodzi ndi Arthur König, anayambitsa magazini ya akatswiri a sayansi ya maganizo. Koma mu 1894, pamene mpando waukulu wa filosofi unafuna munthu ku Berlin, unaperekedwa kwa Carl Stumpf, ndipo Ebbinghaus anasamukira ku yunivesite ya Breslau, mzinda umene lero uli m'dziko la Poland ndipo umachedwa Wrocław.

Kumeneko anagwira nchito imene ikukhudza kalasi yanu mwacindunji. Akuluakulu a mzindawo anali ndi nkhawa kuti ana akutopa ndi maphunziro a maola asanu a m'mawa, ndipo anapempha akatswiri kuti afufuze. Ebbinghaus anayesa ana ndi masamu apafupi, ndi kukumbukira manambala, ndiponso ndi njira yatsopano imene anaipanga yekha. Anali kupatsa ana nkhani yolembedwa imene mawu ena ndi maphatikizo ena anacotsedwamo, kuti iwo adzaze mipatayo. Zotsatira zake, zimene anasindikiza mu 1897, zinaonetsa kuti njira yodzaza mipata inasiyanitsa bwino ana ocita bwino m'kalasi ndi ana ovutika kuposa mayeso a kukumbukira manambala. Cifukwa cake n'cakuti mwana sangadzaze mpata popanda kumvetsa ciganizo conse ndi kulumikiza mbali zake. Nthawi iriyonse imene mudzalemba pa bolodi ciganizo cokhala ndi mpata kuti ana atsirize, mudzakhala mukugwiritsa nchito mbewu imene inafesedwa ku Breslau.

Mu 1905 anasamukira ku yunivesite ya Halle. Analemba mabuku awiri ophunzitsira sayansi ya maganizo amene anawerengedwa kwambiri, ndipo lalikulu mwa iwo analipereka ku cikumbukiro ca Fechner, mwini buku lakale lija. Anamwalira ndi cibayo pa 26 Febuluwale 1909, ali ndi zaka 59.

Pamene Nchito Yake Inaperewera

Simuyenera kulandira nchito ya katswiri aliyense popanda kuiyesa. Manambala onse a m'kabuku ka 1885 anacokera kwa munthu mmodzi, wamkulu, wophunzira kwambiri, amene anali kuloweza zinthu zopanda tanthauzo. Motero musauze ana kapena makolo kuti munthu aliyense amaiwala magawo akutiakuti pa ola limodzi, pakuti liwiro la kuiwala limasintha malinga ndi cinthu cophunziridwa ndi mmene caphunziridwira. Mu 1932 Frederic Bartlett wa ku Cambridge anatsutsa njira ya maphatikizo opanda tanthauzo. Iye anapatsa anthu nthano yacilendo kuti aifotokozenso patapita nthawi, napeza kuti anali kuisintha kuti igwirizane ndi miyambo ndi zizolowezi zawo. Kukumbukira, malinga ndi Bartlett, ndi kumanganso nkhani ndi zipangizo zimene munthu ali nazo kale.

Komabe maonekedwe a kuiwala amene Ebbinghaus anapeza apirira kuyesedwa. Mu 2015 Jaap Murre ndi Joeri Dros a ku yunivesite ya Amsterdam anasindikiza zotsatira za kubwereza zoyesa zake mwa njira yake yomweyo, ndipo anapeza kutsika kofanana kwambiri ndi kumene iye analemba zaka 130 m'mbuyomo.

Kucokera pa Maphatikizo Kufika ku Uinjiniya

Mwina mungaganize kuti zonsezi zikukhudza kuloweza kwa ana aang'ono cabe. Koma vuto la Lacinayi lija limavutitsanso aphunzitsi a mainjiniya. Maphunziro a uinjiniya amamangidwa ngati khoma: masamu a caka coyamba ndiwo amanyamula maphunziro a magetsi, a makina ndi a zomangamanga a zaka zotsatira. Wophunzira amene analoweza usiku umodzi, nakhoza mayeso, n'kuiwala patapita mwezi, amafika m'caka caciwiri maziko atagumuka.

Ofufuza a masiku ano anawonjeza mfundo imodzi pa zimene Ebbinghaus anapeza. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa kuti ophunzira amene anawerenga nkhani mobwerezabwereza anacita bwino atayesedwa patapita mphindi zisanu, koma patapita mlungu umodzi anaposedwa ndi anzawo amene anathera nthawi yawo akuyesa kukumbukira nkhaniyo buku liri lotseka. Kutulutsa cinthu m'mutu kumacilimbitsa kuposa kuciyang'ananso.

Mu 2014 akatswiri a mayunivesite a Duke ndi Rice ku United States anasindikiza zotsatira za kuyesa mfundo zimenezi m'kalasi ya uinjiniya pa yunivesite ya Rice. Kaphunzitsidwe ka m'kalasi sanakasinthe. Anasintha nchito ya kunyumba yokha. Pa mitu ina ophunzira anapatsidwa mafunso kamodzi monga mwa nthawi zonse. Pa mitu ina anapatsidwanso mafunso atsopano a mutu womwewo m'milungu iwiri yotsatira, ndipo anayenera kuona mayankho olondola mosacedwa. Pa mayeso, ophunzira omwewo anakhoza bwino mitu ya gulu laciwiri kuposa ya gulu loyamba. Mu 2016 ofufuza a ku yunivesite ya Louisville anapeza zofanana pa masamu a ophunzira uinjiniya a caka coyamba: mafunso omwewo, atamwazidwa pa milungu ingapo m'malo mounjikidwa pa mlungu umodzi, anathandiza ophunzira kusunga zimene anaphunzira.

Zindikirani kuti phindu la kusintha konseku linadza cifukwa ca kukonzanso mmene mafunso amabwerera ndi nthawi yake, ndiponso kuona mayankho olondola mosacedwa. Cimeneco mungacicite ndi coko ndi bolodi, ngakhale pa sukulu imene iribe magetsi. Ndiponso injiniya amene adzagwira nchito m'migodi ya ku Copperbelt, kapena amene adzayang'anira makina a magetsi ku Kariba, adzayamba wakhala pa benchi ya Giredi 1 pamaso pa mphunzitsi wa pulaimale. Cizolowezi ca kaphunziridwe cimene adzatenga kwa inu ndico adzapita naco ku yunivesite.

Phunziro kwa Inu

Mbiri ya Ebbinghaus ikupatsani malangizo anayi oti muwaike m'mapulani anu a maphunziro.

Bwererani msanga. Popeza kutayika kwakukulu kumacitika poyambirira, phatikizo kapena liwu latsopano libwerenso phunziro lisanathe, libwerenso mawa lake, kenaka patapita masiku atatu, mlungu umodzi ndi mwezi umodzi. Masiku amenewa si lamulo lokhwima. Cofunika n'cakuti mipata izikula pang'onopang'ono. Lembani masiku obwereza m'pulani yanu monga mmene mumalembera mutu watsopano, pakuti cimene sicinalembedwe cimaiwalika ngakhale ndi mphunzitsi.

Funsani musanaonetse. Mphindi zisanu zoyamba za phunziro zikhale za mafunso a dzulo ndi a mlungu watha, mabuku ali otseka ndi bolodi liri lofufuta. Mwana akalakwa, mpatseni yankho lolondola nthawi yomweyo, mopanda kumcititsa manyazi. Kuyankha kwa kalasi yonse pamodzi kumabisa ana amene akungotsata mawu a anzawo, motero funsaninso mmodzimmodzi, kapena onse alembe.

Perekani zocepa pa nthawi imodzi. Mawu atsopano asanu odziwika bwino aposa makumi awiri ongokopedwa m'kope. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Yambani ndi tanthauzo. Phatikizo lakuti mba lisakhale lokha nthawi yaitali. Lilowe msanga m'mawu monga mbale ndi mbalame, ndipo mawuwo alowe m'ziganizo, m'nthano, m'nyimbo ndi m'zirapi zimene ana amazidziwa. Kubwereza cinthu cimene mwana sanacimvetse ndi kumusenzetsa katundu woposa msinkhu wake.

Njira imeneyi iri ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kuti muudziwiretu. Kalasi imene ikuyesa kukumbukira za mlungu watha imalakwitsa zambiri ndipo imaoneka yofooka poyerekeza ndi kalasi imene ikubwereza mokweza zimene yangomva kumene. Mlendo wodutsa pa khonde angayamikire yaciwiriyo. Inunso mudzayesedwa kusiya kubwereza kuti mutsirize silabasi, ndi kuunjika zonse m'milungu yoyandikira mayeso. Pamenepo kumbukirani manambala aja a 68 ndi 38, ndipo muweruze nchito yanu ndi zimene ana adzatha kucita mwezi wamawa.

Zocita

1. Fotokozani m'mawu anuanu njira imene Ebbinghaus anayezera zimene zatsala m'mutu. Perekani citsanzo canu ca manambala.

2. Pangani mizere iwiri ya maphatikizo 12 a Cinyanja. Woyamba ukhale wopanda tanthauzo, waciwiri upange ciganizo comveka. Lowezani yonse iwiri, ndi kulemba maulendo amene mwabwereza pa uliwonse. Ilowezeninso mawa lake, ndipo muyerekeze zotsatira zanu ndi za anzanu.

3. Sankhani ndime ya m'buku la Cinyanja la Giredi 4. Cotsanimo mawu khumi kuti ana adzaze mipata. Kambiranani m'magulu: ndi mipata iti imene ikufuna kumvetsa ciganizo conse, ndipo ndi iti imene mwana angadzaze mongolota?

4. Konzani pulani ya milungu inayi yophunzitsira maphatikizo a nd, ng ndi nj mu Giredi 1. Onetsani tsiku limene phatikizo lirilonse lidzaphunzitsidwa koyamba ndi masiku onse amene lidzabwererenso.

5. Pa nthawi ya maphunziro oyeserera kusukulu, funsani ana mafunso asanu a phunziro la mlungu wapita popanda kuwacenjeza. Lembani zimene mwapeza, ndi zimene mudzasintha m'kaphunzitsidwe kanu cifukwa ca zimenezo.